Kupala Khoma

Anandiitana Lachiwiri, nkhungu isanachoke pa Kaning'ina.
Mwini wake watsopano, mnyamata wa nsapato zosongoka,
anati: Palani zonse, mdala, ndikufuna khoma loyera,
pakhale dzina langa ndi nambala ziwiri za foni.
Tinamvana mtengo. Ndinatsamiritsa makwerero.

Choyamba kugwa chinali chofiira cha dzana,
cha kampani ija imapenta nyumba za eni ulere.
Chinasupuka ngati khungu la mbatata yophika.
Pansi pake panatuluka theka la nkhope ya mayi,
diso limodzi, mutu wodzaza mameshi:
saluni ya NyaChavula.
Anapita ku Joni ndi zowumitsira tsitsi zake ziwiri,
lendi ya miyezi inayi ikumudikirabe.

Ndinapala.
Kunabwera buluu wa nthawi ya vidiyo,
chibakera chopanda mwini, ndi mtengo wa pakhomo.
Ana a ku Chibavi ankatola mabotolo kuti alowe,
osowa n'kumasinthana pabowo la zenera ili
lomwe wina anakhomapo chivundikiro cha ndowa.

Masana mvula yowaza ya kuno inayamba,
ija siinyowetsa msanga koma imalowa m'mafupa.
Akabaza anathawira pakhonde, wina nandikuwira:
Mukukumba chiyani, adada, golide?

Sindinamuyankhe.
Mpeni unali utafika pa chobiriwira,
ndipo S uyo ndinamudziwa,
wopendekera kutsogolo
ngati munthu wosenza thumba pachitunda cha ku Masasa.
Dzanja la bambo anga.
GOLOSALE YA MSOWOYA NDI ANA.
Anaiwala W, n'kumupanikiza pamwamba, kakang'ono,
a Msowoya nadula malipiro chifukwa cha iye.
Ine ndinali wa zaka zisanu ndi zitatu, wogwira chitini,
mphuno ikutuluka mamina ndi chisanu cha Juni.
Tinabwerera kwathu ndi shuga, mtanda wa sopo
ndi matusi amene bambo anayamba kutulutsa
titadutsa kale mlatho wa Lunyangwa.
Ana aja olembedwa pakhoma
anagulitsa mashelefu limodzilimodzi maliro atatha,
kenako kauntala, kenako n'kusiya kulonjerana.

Kupitirira apo kunalibenso penti, laimu yekha,
ndi chaka chodindidwa m'pulasitala, manambala awiri atadyeka.
Za pamenepa ndinangomva.
Akuti anamanga ndi mmwenye Dawudi,
Mzuzu akadali msewu umodzi wamatope.
Tsiku la malipiro antchito a m'minda ya tangi
ankandanda mpaka pamtengo uko,
kufuna mchere, palafini, bulangete, nsalu ya biriwita,
mashilini atawamanga pamfundo ya kansalu.
Telala wake, Luhanga, ankakhala pakona apa.
Miyendo inayi ya makina inasiya maenje m'simenti,
lero nkhuku za eni zimamweramo.
Mbedza ya sikelo ikadalendewera kumtanda wa denga.
Palibe anaikumbukira, ndiye palibe anaiba.

Mnyamata anabwera dzuwa litapendeka, makiyi akulira m'manja.
Bwanji apa mwasiya? Ndinati mkono watopa, mawa.
Usiku ndinayesa kukumbukira mawu a bambo,
koma kunkangobwera fungo la thina.

Lachitatu ndinawafafaniza ndekha.
Burashi inadutsa pa W, inadutsa pa S,
sinachedwe, penti sadziwa chibale.
Ndinalemba dzina latsopano mowongoka bwino,
lopanda cholakwa, lopanda S ngakhale mmodzi.

Koma ndinamuuza kuti khoma ili limafuna zitini zitatu.
Iye anagula chimodzi, nati onjezerani madzi.
Ndinaonjezera.
Mvula ya Epulo ikadzamenya mbali ino sabata yathunthu
a Msowoya adzatulukira kuseri kwa nambala za foni,
ana awo ali pambuyo,
ndi ka W kaja kali pamwamba
pomwe anakasiya bambo.